PLT 61 pa pepala la kulabu, kodi ndiye kuti magazi atha?

Nabanda (Chinkhoma): Mwaswera bwanji abale nonse. Pepani ndalowa ndi funso la zaumoyo, ndikudziwa muno muli anesi ndi ena ogwira kuchipatala. Mlongo wanga wamng'ono amugoneka dzulo, malungo, anayamba kutentha thupi ali mchigafa akusoka fodya nde anangomwa panado nkumapitiriza ntchito mpaka anafika posanza chilichonse chomwe wadya. Amuyeza magazi aja amati FBC, pa pepala pali pena alemba PLT 61 pambali pake pali L, adokotala angoti maplateleti atsika tiziona. Kunyumba amayi ayamba kale kulira kuti magazi amuthera mwana, azakhali awiritsa masamba a mapeyala ati tikamumwetse. Chonde wodziwa andimasulire, ine mutu waima

aMbewe (Santhe): Pepani chemwali. Masamba a mapeyala amabwezeretsa magazi amenewo, muonjezere chidede, azimwa m'mawa ndi madzulo. 61 ndi magazi ochepa kwambiri, ine mkazi wanga anapezeka ndi 6 anamuika mabotolo awiri

aPhiri a kulabu: Achemwali tayang'anani kaye pa pepala lomwelo, cham'mwamba pali polembedwa HGB kapena Hb. Pali nambala yanji?

Nabanda (Chinkhoma): HGB 12.4

aPhiri a kulabu: Nde auzeni amayi apukute misozi, magazi sanathe. aMbewe 6 ya amayi akunyumba ija inali Hb, imeneyo ndiyo imaonetsa ngati munthu magazi achepa, nde 6 ndi yotsikadi mpake anawaika magazi. Koma 61 iyi ndi chinthu china. M'magazi muli zinthu zingapo, maselo ofiira amene amanyamula mpweya, maselo oyera amene amalimbana ndi matenda, ndiye maplateleti amene ntchito yawo ndi kutseka pamene mtsempha wabooka kuti magazi asiye kutuluka. Mukadzicheka ndi lumo pakapita mphindi zochepa magazi amasiya okha, oyamba kufika pabalapo ndi amenewa. Munthu akhoza kukhala ndi Hb yabwinobwino maplateleti ali otsika, kapena Hb yatsika maplateleti ali okwera, sizimayendera limodzi nthawi zonse ayi

Make Tadala: Zikomo aPhiri, ine ndinkaona ngati zonse ndi chimodzi

Jnr wa Mtunthama: nde yabwino imakhala bwanji nambalayo?

aPhiri a kulabu: Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150 ndi 450. Makina amadula maziro, 61 ija kwenikweni ndi 61,000 mu kadontho kakang'ono kwambiri kamene timati microlitre imodzi, nde yabwino ndi 150,000 mpaka 450,000. Chilichonse chotsika pa 150 makina amaika L, chopitirira 450 amaika H. Koma L yo isakuopseni yokha, munthu wa 130 ndi munthu wa 8 onse amapatsidwa L yemweyo pomwe mmodzi akhoza kupita kukalima wina akufunika asachoke pabedi

Anesi Nachisale: Ndangolowa, ndinali pa ntchito. Nabanda mwana wanga, funso loyamba lomwe ife timafunsa si nambala ayi, timafunsa kuti wodwala akutuluka magazi paliponse? Mukapita m'mawa kukasiya phala mukamuyang'ane bwinobwino. Nkhama akamatsuka mkamwa, kamfuno, mkodzo ngati wafiira kapena wada, chimbudzi ngati chada bii, masanzi ngati muli magazi. Mukamuvundukule miyendo cham'munsi ndi pomwe anamumanga lamba poika dripu, muone ngati pali timadontho tofiira tating'onoting'ono tosatupa, tomwe ukatidina ndi chala sitizimirira. Pakhungu lathu lakudali nthawi zina sitioneka bwino nde muyang'ane mkati mwa milomo, kudenga kwa mkamwa ndi mkati mwa chikope chapansi. Ngati zonsezi palibe ndipo mankhwala a malungo ayamba, 61 pa munthu wa malungo timaiona pafupifupi tsiku lililonse nyengo ya mvula ino

Nabanda (Chinkhoma): Anesi zikomo kwambiri, ndamuimbira gadiyani wake akuti magazi sakutuluka paliponse, akumubaya jakisoni wa artesunate, akuti akasiya kusanza amusinthira ku LA. Koma malungo akukhudzana bwanji ndi maplateleti?

Anesi Nachisale: Malungo amawadya mwana wanga. Thupi likamamenyana ndi tizilombo ta malungo maplateleti ambiri amaonongeka msanga, ena amakakamira mu kapamba poti kapamba amatupa ndi malungo. Ndipotu ngakhale munthu ali bwino, gawo limodzi mwa magawo atatu a maplateleti ake limakhala mu kapamba, nde akatupa amasunga ochulukirapo, mumtsempha momwe timatengamo magazi nkutsala ochepa. Chosangalatsa nchakuti malungo akachira amabwerera okha, kawirikawiri pakatha sabata kapena kupitirira pang'ono nambala imakhala yakwera popanda kumuika chilichonse

aMbewe (Santhe): Chabwino ndamva kusiyana kwake. Koma masamba a mapeyala akalakwa chani? Makolo athu akhala akumwa kalekale

Anesi Nachisale: aMbewe bambo anga sindikunyoza za makolo ayi. Koma palibe umboni woti masamba a mapeyala kapena chidede zimakweza maplateleti, ndipo munthu amene akusanza, chiwindi ndi impso zikulimbana kale ndi malungo aakulu, kumuthira madzi owawa amene sitikudziwa mphamvu yake ndi kumuonjezera katundu. Akasanza LA chifukwa cha zimenezo ndiye tataya zenizeni. Chidede ngati chakumwa akachira amwe, ndi chokoma, palibe woletsa. Koma pano phala, madzi ambiri, ndi mankhwala omwe apatsidwa basi

aPhiri a kulabu: Ndionjezere pamenepo chifukwa ichi ndiye chimandiwawa. Choopsa kuposa masamba ndi mankhwala a pagolosale. Aspirin, brufen, diclofenac, indocid, amenewa amafooketsa maplateleti kuti asamagwirane bwino komanso amakanda m'mimba. Nde taganizani ndi ochepa kale, ochepa omwewo mwawafooketsanso. Aspirin ndiye woipitsitsa pamenepa poti plateleti imene yakumana naye siichiranso mpaka kufa kwake, thupi limadikira lipange atsopano, ndipo plateleti imodzi imakhala masiku 7 mpaka 10. Timapaketi tina ta mutu ndi chimfine tapamsika timakhala ndi aspirin mkati koma anthu sawerenga. Magadiyani ambiri amagula kunja kwa geti poona wodwala akubuula ndi mutu nkumupatsa mobisa anesi asaone. Nabanda muuzeni gadiyani, panado yekha, ndiponso pa mlingo womwe auzidwa

Nabanda (Chinkhoma): Eish azakhali anagula brufen dzulo ati wa kuphwanya thupi. Ndaimba pompano, sanamupatse, ndawauza abwere naye kunyumba

Make Tadala: Ambuye alemekezeke kuti munafunsa

Jnr wa Mtunthama: aPhiri ine chidwi changa chili pa kayezedwe. tinthu tosaoneka ndi maso mumawerenga bwanji mpaka kunena kuti alipo 61,000? mumawerenga kamodzikamodzi? 

aPhiri a kulabu: Funso labwino aise. Magazi timatenga pamtsempha wa pamkono kuika mu kabotolo ka chivindikiro cha pepo, mkatimo muli mankhwala otchedwa EDTA oletsa magazi kuundana. Nchifukwa chake mumaona wotenga magazi akukatembenuza kabotolo pang'onopang'ono kangapo akangotha, si kusewera, akusakaniza, ndipo sakhutchumula mwamphamvu poopa kuphwanya maselo. Kakafika kwa ife timakaika pa makina, makina amayamwa pang'ono kwambiri, amasungunula ndi madzi ake, kenako amadutsitsa pa kabowo kakang'ono zedi komwe pakudutsa magetsi. Selo iliyonse ikamadutsa pakabowopo magetsi amadodoma pang'ono, makina nkuwerenga kamodzi, ndipo kukula kwa kudodomako kumawauza kukula kwa chomwe chadutsa. Selo yofiira ndi ya ma micrometre 7 kapena 8, plateleti ndi 2 kapena 3 basi, nde makina amasiyanitsa potengera msinkhu. Pa mphindi imodzi kapena ziwiri pepala latuluka, Hb, maselo oyera, PLT zonse pamodzi, imeneyo ndiye FBC

Jnr wa Mtunthama: nde makina sangalakwitse?

aPhiri a kulabu: Amalakwitsa, ndipo apa ndi pomwe ndimafuna anthu amvetse. Makina sadziwa kuti ichi ndi plateleti, amangoona kukula. Pali anthu ena, athanzi ndithu, amene magazi awo akakumana ndi EDTA uja maplateleti amakumbatirana mkabotolo momwemo nkupanga timagulu. Kagulu ka maplateleti 30 kakamadutsa pakabowo makina amaona chinthu chimodzi chachikulu, sakawerenga ngati maplateleti, nde pepala limatuluka PLT 40 pomwe munthuyo ali ndi okwanira. Chimodzimodzi ngati potenga magazi panavuta, makamaka ana aang'ono mitsempha yosowa, magazi achedwa mu sirinji nkuyamba kuundana, kachibuluma kakang'ono kamene kali mkabotolo kamakhala katameza maplateleti ambirimbiri. Kapena atenga pamkono womwe pakuyenda dripu, magazi asungunuka ndi madzi, zonse zimatsika. Nde lamulo lathu ndi loti nambala ikatuluka yotsika modabwitsa sitithamangira kulemba, timayamba tayang'ana kabotolo ngati muli chibuluma, kenako timapaka dontho pa kagalasi, kuliyala lipyapyale, kuumitsa, kuthira utoto, nkuyang'ana pa maikulosikopu. Pamenepo maplateleti amaoneka timadontho tapepo pakati pa maselo ofiira, mwa munthu wabwino malo amodzi omwe diso likuona pa lens yamafuta umapeza mwina 10, 15, chapamenepo. Ukapita kumchira kwa kagalasi nkupeza aunjikana milumilu umadziwa kuti makina ananamizidwa, timapempha magazi ena mu kabotolo ka chivindikiro cha buluu komwe muli citrate, mankhwala ena oletsa magazi kuundana

aPhiri a kulabu: Ndipo zimachitikanso mbali inayo, munthu amene maselo ake ofiira ndi aang'ono kwambiri kapena aphwanyikaphwanyika, tizidutswa tija makina amatiwerenga ngati maplateleti nambala nkukwera mwabodza. Kale makina asanabwere ankawerenga ndi maso pa kagalasi ka mizere kotchedwa Neubauer, kusungunula magazi ndi ammonium oxalate kuti ofiira aphwanyike atsale maplateleti. Kusukulu amaphunzitsabe poti reagent ya makina ikatha kapena makina akafa umabwerera komweko, koma maso amatopa kumeneko

Nankhoma: Abale ine nkhani imeneyi yandikhudza. Chaka chatha ndinapita kukachotsa dzino pa kiliniki ina yolipira, anandiyeza kaye nkundiuza kuti maplateleti anga ali 48 sangandichotse, ndipite kuchipatala chachikulu mwina ndi khansa ya m'magazi. Mawu amenewo anangowaponya choncho ndili chiimire pakhomo. Sindinagone, ndinayamba kuganiza za ana anga kuti asiyidwa ndi ndani, ndinagulitsa mbuzi kupeza thiransipoti ya ku Lilongwe. Kukafika kumeneko anatenga magazi ena, mayi wina wa kulabu anachita kutuluka kudzandiona nkundifunsa ngati ndinayamba ndatulukapo magazi osasiya, ndinati ayi ndabereka bwinobwino ana onse, anati mayi maplateleti anu ndi okwanira anangogwirana mkabotolo. Mpaka lero mbuzi ija imandiwawa, komanso mmene anandiuzira muja

Anesi Nachisale: Pepani Nankhoma, zimenezo siziyenera kutero. Kukana kuchotsa dzino pa 48 anachita bwino chifukwa pansi pa 50 sitikonda kucheka munthu kapena kuzula dzino tisanakonzekere, koma kutchula khansa pa pepala limodzi losabwereza ndi kulakwa. Dokotala amayenera aone zonse pamodzi. Khansa ya m'magazi nthawi zambiri siitsitsa maplateleti okha, Hb imagwanso, maselo oyera amakwera modabwitsa kapena kutsika kwambiri, munthu amaonda, kutentha thupi kosamva mankhwala, mwanabele, kupweteka mafupa

aMbewe (Santhe): Nanga nambala yoopsa yeniyeni ndi iti? Tidziwe poyambira kuthamanga

Anesi Nachisale: Mwachidule, 100 mpaka 150 anthu ambiri samva kalikonse. 50 mpaka 100 moyo wa tsiku ndi tsiku umayenda, koma ukavulala kwambiri magazi amachedwerapo kusiya. Pansi pa 50 opaleshoni imafuna kukonzekera. Pansi pa 20 munthu akhoza kuyamba mikwingwirima ndi kamfuno popanda chomugunda, ndipo pansi pa 10 timaopa magazi kutulukira mkati, makamaka m'mutu. Koma bambo musamadikire nambala poti kumudzi kulibe makina. Poyambira kuthamanga ndi zizindikiro, kamfuno wosasiya mwatsina mphuno mphindi 15 kapena 20, magazi m'masanzi kapena mchimbudzi, msambo wochuluka mosazolowereka, timadontho tija tikufalikira, matuza a magazi mkamwa, mutu waukulu ndi kusokonezeka. Pamenepo kabaza kapena galimoto iliyonse, osadikira kuche

Make Tadala: Anesi nane ndifunseko. Ndili ndi mimba ya Tadala kumapeto anandiuza kuti maplateleti ali 118 koma anati palibe vuto, ndinabereka bwino. Koma mnzanga wina anamuthamangitsira ku Central ndi ambulansi chifukwa cha maplateleti omwewo ali ndi miyezi 8, mwana anachita kumutulutsa ndi opaleshoni. Kusiyana kwake kunali pati?

Anesi Nachisale: Apa mwandifikitsa pa ntchito yanga yeniyeni. Mayi woyembekezera madzi a m'magazi amachuluka nde maplateleti amasungunukirako pang'ono, ambiri kumapeto kwa mimba amatsika pang'ono ngati inuyo 118, BP ili bwino, mkodzo uli bwino, zimenezo zimatha zokha mwana akabadwa. Koma pali vuto lina la BP yokwera ya pa mimba, pre-eclampsia, likafika poipa limaphwanya maselo ofiira, kuononga chiwindi, nkugwetsa maplateleti mofulumira, timati HELLP. Lero ali 140 mawa ali 70. Mayi amadandaula mutu wosamva panado, kuona zilezilezi, kupweteka pachifu kapena pansi pa nthiti kumanja, nkhope ndi manja kutupa. Anthu kunyumba amati ndi zilonda za m'mimba nkumupatsa soda, kumeneko ndiye kutaya nthawi. Mankhwala ake enieni ndi kubereka, mwana atuluke, nchifukwa chake mnzanuyo anathamanga naye. Ndiponso maplateleti akatsika kwambiri jakisoni wa pamsana uja wa opaleshoni sabaya, poopa magazi kuunjikana pafupi ndi msana, nde amafunika malo omwe ali ndi zonse. Amayi chonde sikelo musamajombe, BP ija timayeza nthawi zonse si mwambo chabe

Make Tadala: Shuwa anali atatupa nkhope mpaka sitinkamuzindikira. Zikomo anesi

Achimwene a ku Chamama: Ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Ine mkulu wanga amamwa kachasu kwambiri, mimba inatupa, kuchipatala anati kapamba ndi chiwindi, maplateleti amangokhala cha m'ma 70 nthawi zonse olo alibe malungo. Kodi pali chakudya chokweza?

aPhiri a kulabu: Achimwene mowa umamenya mbali ziwiri. Maplateleti amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, muli maselo akuluakulu otchedwa megakaryocyte amene amanyotsoka tizidutswa nkumatitaya m'magazi, pa tsiku thupi limapanga pafupifupi 100 biliyoni. Mowa wambiri umafooketsa fakitale imeneyo, akasiya nambala imayamba kukwera pasanathe nthawi yaitali. Koma mbali yachiwiri ndi chiwindi, chikauma magazi amabwerera m'mbuyo nkutupitsa kapamba, kapamba nkumasunga maplateleti ochuluka, komanso chiwindi chomwecho ndi chimene chimatulutsa uthenga wouza mafupa kuti apange ena. Imeneyo chakudya sichingakonze. Chachikulu asiye mowa, asamwe brufen ndi aspirin, ndipo akangosanza magazi thamangani naye. Ngati sanamuyezepo likodzo ndi hepatitis B mukafunse, likodzo la m'matumbo limatupitsanso kapamba chimodzimodzi, anthu amene akulira m'madambo ndi kuwedza mu Bua ndi Dwangwa asamalitaye

Achimwene a ku Chamama: Kusiya mowako ndiye nkhondo, koma ndikamuuza mmene mwanenera

Nazulu: Ine ndilankhule poyera poti sindibisa, ndimamwa ma ARV. Chimene chinandipititsa kukayezetsa poyamba sichinali chifuwa kapena kuonda ayi, inali mikwingwirima m'ntchafu ndi m'manja mpaka anthu ankaganiza kuti abambo akunyumba akundimenya, ndi msambo wosatha. Anapeza maplateleti otsika, adokotala anandipempha mwaulemu kuti tiyezenso HIV. Nditayamba mankhwala pang'onopang'ono anakwera, pano ndili bwino ndikulima soya wanga. Nde wina akauzidwa kuti tiyeze HIV chifukwa cha maplateleti asakwiye ngati amunyoza

Anesi Nachisale: Nazulu mwathandiza anthu ambiri pamenepa, zikomo. Ndi zoona HIV imatha kuyamba kuonekera choncho munthu akuoneka wathanzi. Ndingoonjezera kuti mankhwala ena nawo amatsitsa maplateleti mwa anthu ena, monga bactrim ndi quinine, komanso a khansa. Koma wina asasiye bactrim yekha chifukwa wawerenga pano, akauze a kiliniki yake aone okha

Nabanda (Chinkhoma): Abale ndabwera kuchipatala m'mawa uno. Wadya phala osasanza, ndamuyang'ana mkamwa ndi miyendo monga munanenera anesi palibe kadontho. Amutenganso magazi, PLT 74. Amayi ndawafotokozera za Hb amvetsa, masamba aja atayidwa

aPhiri a kulabu: Ikukwera, ndi zomwe timafuna. Nambala imodzi siinena zambiri, ziwiri zimaonetsa komwe tikulowera. LA akamuyamba amalize yense masiku atatu, azimwa atadya kanthu ka mafuta kapena mkaka kuti alowe bwino m'thupi. Pepalalo mulimate mu buku lake la kuchipatala lisatayike, ndipo akatuluka mufunse ngati angadzabwerezenso FBC pakapita masabata angapo kuti mutsimikize kuti yadutsa 150. Ikakakamira pansi malungo atatha ndiye pofunika kufufuza zina

Jnr wa Mtunthama: nanga H? msuweni wanga anapezeka 560 koma palibe anamuuza kanthu

aPhiri a kulabu: Kawirikawiri ndi thupi kuyankha china chake, matenda ngati TB kapena chibayo, bala lalikulu, opaleshoni, kutaya magazi, kapena kuchepa kwa iron. Atsikana ambiri amene Hb ndi yotsika chifukwa cha msambo ndi zakudya umapeza maplateleti ali 500 ndi kanthu, akamwa mapilitsi a iron Hb nkukwera maplateleti amatsika okha. Amene anachotsedwa kapamba nawonso amakhala okwera. Ikamakhala pamwamba miyezi ndi miyezi popanda chifukwa chooneka ndi pomwe amafufuza za m'mafupa, koma zimenezo sizichitikachitika

Nankhoma: Mwana wa neba wanga wa zaka 5 anadzuka thupi lonse timadontho ndi mikwingwirima atangochira chimfine, koma akusewera bwinobwino, ati maplateleti anali pansi pa 20. Anthu anayamba kuloza agogo ake zaufiti, zinali zomvetsa chisoni

Anesi Nachisale: Zikumveka ngati ITP, asilikali a m'thupi amasokonezeka pambuyo pa kachimfine nkuyamba kuononga maplateleti a mwini wake. Ana ambiri amachira okha m'miyezi yochepa, ena amapatsidwa prednisolone. Koma mwana wotere ayenera aonedwe ndithu ndipo kagalasi kayang'anidwe kaye asanayambe prednisolone, chifukwa ngati ili khansa ya m'magazi mankhwalawo amaibisa kwa kanthawi nkusokoneza kuipeza. Ku Kamuzu Central kuli madokotala a ana oona za magazi ndi khansa, ndi komwe timatumiza. Agogo osalakwa asamavutike ndi zinthu zoti kulabu zimaoneka. Komanso dziwani kuti pali ana ena, makamaka anyamata, amene amatuluka magazi osasiya ndi kutupa mawondo koma maplateleti ali bwinobwino, haemophilia, vuto lili pa zina zoundanitsa magazi nde FBC siingaonetse, pamafunika mayeso ena. Mwana wotero musanamupititse ku mdulidwe nenani

aMbewe (Santhe): Funso langa lomaliza. Ngati atsikitsitsa bwanji osangomuika magazi ngati anachitira mkazi wanga?

aPhiri a kulabu: Magazi a mufiriji aja amathandiza Hb bambo, koma maplateleti a mmenemo amakhala atafooka ndi kuzizira. Magazi ofiira amasungidwa pa 2 mpaka 6 digiri ndipo amatha kukhala masiku 35. Maplateleti amawapatula paokha, kathumba kake kamaoneka kachikasu osati kofiira, amasungidwa pa 20 mpaka 24 digiri pa makina ogwedeza usana ndi usiku, ndipo amangokhala masiku 5 basi. Munthu wamkulu mmodzi kuti alandire mlingo umodzi pamafunika ochokera kwa anthu 4 kapena kuposerapo. Amene amachita zimenezi ndi a Malawi Blood Transfusion Service, malo awo ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, nde ife a Kasungu athu ndi a ku Lilongwe. Chinthu chosakhalitsa choncho sungachisunge pa boma lililonse kudikira wodwala, nchifukwa chake wofunika maplateleti amatumizidwa ku Central. Ndiponso saikidwa chifukwa cha nambala yokha, pa malungo kapena ITP munthu asakutuluka magazi nthawi zambiri safunika nkomwe

Jnr wa Mtunthama: kusukulu kwathu a MBTS amabwera ine ndinaperekapo, sindinkadziwa kuti thumba limodzi amaligawa choncho

aPhiri a kulabu: Amatha kuligawa patatu, ofiira, plasma ndi maplateleti. Vuto ndi loti opereka ambiri ndi ana asukulu, nde sukulu zikatsekera magazi amasowa, makamaka holide ya Khirisimasi pomwe malungo ayamba kuvuta. Akuluakulu tili pagulu pano tikamva kuti abwera pa boma kapena kutchalitchi tizipita nafenso, amatenga 450 ml basi ndipo amayamba akuyeza Hb kuti aone ngati ungakwanitse. Ngati mwamwa aspirin masiku apafupi muwauze, magaziwo atenga koma maplateleti ake sangagwiritse ntchito

Nazulu: Ife a ma ARV sitingapereke koma kulengeza tingathe. Admin mukamva tsiku muziponya pano

aMbewe (Santhe): Kwa ife a zaka za m'ma 50 amalola?

aPhiri a kulabu: Amalola bambo, kuyambira zaka 16 mpaka 65 bola muli bwino m'thupi ndipo simunadwale malungo posachedwa. Mudye kaye musanapite, ndipo ngati mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga mutenge buku lanu akaone okha